Zilema za Sperata

Sperata adalowa m'nyumba ya Zosimo wochapa zovala ali ndi zaka khumi ndi zinayi, mapazi ake atapakidwa choko monga amachitira ndi kapolo aliyense wochokera kutsidya kwa nyanja. Za kwawo ankangokumbuka mbuzi ndi mphepo. Zosimo, amene nayenso adabadwa kapolo n'kumasulidwa atakula, adamugula kuti aziponda zovala. Ntchitoyo aliyense wa tsidya lino la mtsinje wa Tibere amaidziwa: munthu amaima m'mbiya ya mikodzo yogonetsa, yotungidwa m'mitsuko ya pamphambano, nagwirira timakoma tiwiri ndi manja, n'kumadumpha pa mikanjo ya olemera kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litapendeka. Sperata adaponda zaka zisanu ndi chimodzi. Zikhadabo za kumapazi zidathothoka m'chaka chachiwiri, ndipo zimene zidamerapo zidali zakuda ndi zopindika.

Atakwanitsa zaka makumi awiri, mbuye wake adamutengera kwa woweruza. Lamulo silifulumira kumasula kapolo wamng'ono chotero pokhapokha patakhala chifukwa chomveka, ndipo Zosimo adalumbira kuti akumumasula kuti amukwatire. Ndodo ya woweruza idakhudza mutu wa mtsikanayo, ndipo adatuluka ali mfulu komanso mkazi wa mwini. Akazi a m'dera adamuchitira nsanje. Palibe amene adamuuza mchira wa lamulolo: mkazi womasulidwa chifukwa cha ukwati akhoza kutuluka m'nyumba ya mwamunayo, koma sangakwatiwe ndi wina malinga ngati amene adamumasulayo akumufunabe.

Zosimo adali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Sankamenya. Chikondi chake ndicho chidali cholemera ngati mkanjo wonyowa. Ankamutsatira ndi maso kulikonse, ankanunkhiza chipeso chake, ndipo kangapo pa tsiku ankamufunsa kuti, “Ukuganiza chiyani?” Zidatha zaka zisanu mwana osabwera. M'chaka chachisanucho kudabwera Vitalisi, woyendetsa ng'ombe zimene zimakoka ngalawa za tirigu kuchokera ku Ositiya, kudzachapitsa chofunda chake. Adabweranso nacho patapita masiku asanu ndi atatu chisanade n'komwe. Miyezi itatu isanathe Sperata adamanga malaya ake awiri m'kansalu, nakabwereka malo m'kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikiza, kwa mayi wina wamasiye woluka nkhata za maluwa, ndipo adaphunzira ntchitoyo.

Vitalisi adanena zake poyera. “Ine zozemberana sindifuna. Bambo anga adafa ali kapolo, dzina lawo silidalembedwe paliponse. Ndikufuna ana otenga dzina langa. Akusiye kaye mdala wakoyo, kenako ndikulowetsa m'nyumba masana, anthu akuona.”

Choncho Sperata adapita kwa Zosimo, ndipo adamupeza akufukiza nsalu zoyera pa utsi wa sulufule.

“Ambuye, ndimasuleni.”

“Ndidakumasula kale pamaso pa woweruza. Kumasula n'kwa kawiri?”

“Nenani pamaso pa mboni kuti simukundifunanso.”

“Ndiname pamaso pa milungu, mkazi wanga? Ndimakufuna. Wadya kodi? Waonda.”

Munthu wina wodziwa malamulo, wa amene amakhala m'makhonde a kubwalo kudikira ofunsa, adamufotokozera kuti mawu a pakamwa si ofunika kwenikweni. Zosimo atangotomera mkazi wina, kapena kulowetsa wina m'nyumba, kapenanso kumusumira Sperata ngati mbala, lamulo likanaona kuti kufuna kwatha. Sperata adatsika masitepe a kubwaloko atamvetsa chinthu chimodzi: ufulu wake udali mumtima mwa munthu wodwala, ndipo wodwalayo ankayenera kuchira.

Sing'anga wa nthenda zoterezi m'deralo adali Sabidio wometa. Mpando wake udali panja, m'mphepete mwa msewu wopita kudoko, ndipo ankameta ndi lumo lachitsulo ndi madzi okha. Akacheka munthu ankamata pabalapo ndi ukonde wa kangaude woviika m'mafuta ndi vinyo wosasa. Paunyamata wake adali kapolo wometa m'nyumba ina yaikulu ya kuphiri, kumene adamva ophunzira akuwerengerana pa madyerero malangizo ochotsera chikondi mumtima. Adawasunga m'mutu, ena mowapotoza, ndipo ankawapereka pamodzi ndi kumeta. Zosimo ankakhala pampando umenewu tsiku lachitatu lililonse.

“Ndiye mukuti ndikuchiritsireni amuna anu kuti akudeni?” adatero Sabidio kwa Sperata akunola lumo. “Achemwali, ena amabwera pano kudzalira kuti sakukondedwa. Inu ndinu oyamba kudandaula za kukhuta.”

“Ndizikulukirani nkhata za timilungu ta pakhomo panu chaka chonse, bambo.”

“Za maluwa atsopano, osati otola kumanda.”

“Atsopano.”

“Basi, mdalayo wachira kale. Ine ndidachiritsa mkulu wa asilikali amene ankagona pakhomo pa wovina ngati galu.”

Malangizo oyamba sadagwire, pakuti adapangidwira anthu a minda ndi akavalo. Sabidio adati chikondi chimamera mwa munthu waulesi, choncho agwire ntchito; Zosimo adayankha kuti chibadwire sadaonepo dzuwa likutuluka iye atagona. Adati apite ulendo wautali, akasake nguluwe kumudzi. Zosimo adafunsa kuti mbiya zake aziyang'anira ndani. Adamuletsa anyezi, poti amadzutsa chilakolako, namulamula kutafuna masamba owawa a ruta. Mdalayo adatafuna mokhulupirika mwezi wathunthu, ndipo chimene chidasintha ndi m'mimba mokha. Adamuuza kuti atenthe zonse zimene mkaziyo adasiya. Adatenthadi nsapato zake zakale, koma phulusa lake adalisunga m'kamtsuko. Adamutengera kwa mkazi wina wa kuseri kwa nyumba yosambiramo, poti msomali umachotsedwa ndi msomali unzake; mkaziyo adamutulutsa atatopa kumva za tsitsi la Sperata.

“Atsala mankhwala amodzi, ndipo ndiwo aukali,” Sabidio adauza Sperata. “Wodwala amve zilema za wokondedwa wake tsiku ndi tsiku, mpaka zimutsekereze kukhosi. Chaching'ono tichikulitse. Koma zilemazo ndizitenga kuti? Ine ndimakuonani mutavala.”

“Ndikupatsani ndine.”

Adakhala pa kamwala pambali pa mpandowo n'kuyamba kudziwerenga yekha ngati wogulitsa kapolo amene wakakamizidwa kunena zoona. Adatchula zikhadabo. Adatchula fungo limene sopo wa dothi adalephera kuchotsa m'miyendo mwake, mkonono wake, dzino lobooka la kumanzere, ndi chipsera cha pantchafu. Sabidio ankagwedeza mutu, akubwereza chilichonse kawiri kuti asaiwale.

Njira ya wometayo idali yakuti ankayamba kulankhula lumo likafika pakhosi, pamene wometedwa sangayankhe. Koma mpando wa pamsewu ulibe chitseko. Odikira kumetedwa, onyamula katundu a kudoko, ngakhale wogulitsa nyemba zootcha, onse ankamva. Sperata ankadziwa zimenezi. Adaona kuti manyazi a miyezi ingapo ndi mtengo wochepa. Adamuuzanso Vitalisi za chiwembucho, ndipo mwamunayo adaseka mpaka kukhosomola.

Lumo litachoka pakhosi tsiku loyamba, Zosimo adapukuta kumaso mofatsa. “Zikhadabozo ndidaziwononga ndine, m'mbiya yanga. Ndi zanga. Ndipo mkonono umenewo, a Sabidio, ndi umene ndikuusowa. Chichokereni iye m'nyumba muli zii.”

Anthu adaphulika kuseka. Wina adafuula kuti, “Gulani nkhumba, madala, izikulizirani!”

Zoona zitatha, Sperata adayamba mabodza. Adauza wometayo kuti anene kuti ankaba mafuta m'nyumba, kuti ankasanzira mayendedwe a mwamuna wake pamaso pa akazi kosambira, kuti ankamutcha mtsuko wa pamphambano umene aliyense wodutsa amaimapo. Sabidio adathira mchere wake. Zosimo adalira ali pampando, misozi ikusakanikirana ndi madzi ometera, ndipo madzulo a tsikulo adatumiza kwa Sperata mkate wa uchi.

“Mdala uja wanditopetsa,” adatero Sabidio. “Ndikamuthira vinyo wosasa pabala, iye akunyambita. Khoswe wakhala pamkhate ameneyu, achemwali. Ganizani china, apo ayi tisiye.”

Sperata adaganiza masiku anayi akuluka. Adadzifunsa kuti chimene Zosimo ankachifuna koposa iye mwini chidali chiyani, ndipo yankho adalidziwa. Munthu wobadwa kapolo amalota mwana wobadwa mfulu, woyamba wa mtundu wake kuvala mkanjo wa mzere wofiira. Zosimo adachapa mikanjo yotero ya ana a eni zaka makumi atatu, ndipo umodzi adausunga m'bokosi. Pamenepo ndi pamene mpeni ukanalowa.

“Muwauze kuti m'chaka choyamba cha ukwati ndidapita kwa mzamba, ndidamwa mankhwala oumitsa mimba mpaka kalekale. Muwauze kuti ndidati sindingaberekere munthu wonunkha mikodzo.”

Sabidio adasiya kunola. “N'zoona zimenezi?”

“Ayi.”

“Achemwali, lumo ili limameta aliyense wokhala pampando. Silisankha ndevu.”

“A Vitalisi ali ku Ositiya, abwera mkucha. Ndiwauza ndekha. Inu nenani mawa.”

Wometayo adanenadi, ndipo poti adali mmisiri, bodzalo adaliveka zovala. Adatchula msewu wa mzambayo, adati chikho chidali chabuluu, adati mkaziyo atamwa adaseka. Zosimo sadalire. Adadzuka theka la ndevu lisanametedwe napita kwawo. Sperata atamva zimenezi adaluka nkhata yaikulu kuposa zonse, nakaipachika pa kachisi wa pamphambano pothokoza.

Koma mtsinje udali utadzaza, ndipo ngalawa ya Vitalisi idachedwa masiku awiri. Nkhani simadikira ng'ombe. Idatsika ndi amalinyero opita kumunsi, ndipo idakumana naye panjira, yathunthu, ndi chikho chabuluu chomwe. Atafika sadakwere kuchipinda. Adatuma uthenga kuti Sperata atsikire pa chitsime cha pamphambano, pamene akazi ankatunga madzi.

“Ndi bodza lija ndidakuuzani,” adatero Sperata akumwetulira. “Lagwira. Mdala sadatuluke m'nyumba masiku atatu.”

“Udandiuza kuti zina ndi zoona, zina ndi zabodza. Zikhadabo ndidaziona. Dzino ndidaliona. Ichi chili mbali iti?”

“Chabodza! Ndikulumbira pa Yuno, mulungu wanga.”

“Zaka zisanu m'nyumba ya mwamuna, ngakhale kupita padera osapitako. Chimenecho adapeka ndi Sabidio?”

“Mwina vuto ndi la mdalayo.”

“Mwina. Ndiye ine ndimange banja pa mwina? Kudoko konse akundifunsa ngati ndikugula bulu wamkazi wosabala kuti azindifunditsa.” Adayang'ana akazi otunga madziwo, amene mitsuko yawo idali itasefukira kale osaichotsa. “Munthu wokhoza kupeka chinthu chotero akhozanso kuchichita. Ndipo wokulira m'ukapolo amalumbira chilichonse.”

Mawa lake Vitalisi adakhala pampando wa Sabidio napempha mankhwala. Mtima unkamupweteka ndithu, pakuti adamukondadi Sperata. Wometayo sadavutike kufuna zilema. Adali nazo kale m'mutu, zokonzeka, zochokera kwa mwini wake. Adawonjezera malangizo ena aja: ntchito, ulendo, mkazi wina. Kwa munthu amene ntchito yake idali ulendo, zonsezi zidali pafupi. Vitalisi adasinthana ndi mnzake nayamba kugwira ntchito kumunsi kwa mtsinje kokha, ndipo mphesa zisanakololedwe adakwatira mwana wa wopota zingwe wa ku Ositiya. Kuyambira pamenepo Sabidio adasiya kutchula mkulu wa asilikali uja. Akafuna kutsimikizira anthu mphamvu ya malangizo ake ankati, “Funsani Vitalisi wa ng'ombe. Miyezi iwiri yokha, kuchira gwa!”

Zosimo adatuluka m'nyumba tsiku lachisanu. Adakwera masitepe onse a nyumba yosanjikiza ija akupuma mwabefu, antchito ake awiri ali pambuyo. Sperata ataona kuti wabwera ndi mboni adaimirira, maluwa ali m'manja. Ngakhale Vitalisi adali atapita, mawu amodzi a mdalayu akanamutsegulira dziko.

“Ndamva zonse,” adatero Zosimo. “Mkanjo wa mwana uja ndaupereka kwa eni ana. Ndakhala masiku anayi osadya. Tsopano ndabwera kudzanena pamaso pa awa kuti ndakukhululukira.”

“Ambuye, ndidakunyozani. Ndidakuberani. Kandisumireni.”

“Ndisumire mkazi wanga? Tamvera, Sperata. Poyamba ndinkaopa, poti udali wokongola ndipo amuna ankakuyang'ana. Lero Roma yense akudziwa za miyendo yako ndi za mimba yako. Palibenso amene angakufune. Ndatsala ndekha.” Adanena zimenezi mwachifundo, nkhope yake ili yowala ngati ya munthu amene malungo amutsika. “Tiye kunyumba.”

“Ndikafe kaye.”

“Palibe changu. Ndidikira.”

Patapita masiku Sperata adapita kwa Sabidio nthawi imene pampando padalibe munthu. Sadapite kukakangana. Adapempha kuti naye apatsidwe mankhwala, pakuti akamva kulira kwa ng'ombe kumtsinje manja ankaleka kuluka.

Wometayo adakanda m'mutu ndi chala chimodzi. “Malangizowa, mayi, adapangidwira amuna. Ndikuuzeni kuti mupite kokasaka? Ndikuuzeni kuti mupeze wina? Mukatero mdala uja ali ndi lamulo m'manja. Anyezi siyani, ngati mukufuna. Werengani zilema za Vitalisi.” Adapukuta lumo. “Nkhata ya mwezi uno sinafike.”

Adayesa kuwerenga. Vitalisi ankalavula polankhula, adali ndi makutu aakulu, adali wamantha pamaso pa anzake. Ankabwereza zimenezi m'mawa uliwonse potsika kukatunga madzi, sitepe iliyonse chilema chimodzi, koma masitepe adali ambiri kuposa zilema, ndipo otsalawo ankadzaza ndi zina zimene sankafuna kukumbuka. Chimene chidamuthandiza, ngati kudali kuthandiza, ndi zaka. M'chaka chachisanu ndi chimodzi adamuona kumsika wa nsomba atanyamula mwana paphewa, wina akumukoka malaya, ndipo adapeza kuti akutha kupitiriza kusankha nsomba.

Dera silidaiwale. Mndandanda uja udasanduka nyimbo ya ana yodumphira chingwe, kuyambira zikhadabo mpaka chikho chabuluu, ndipo ana amene adaiimba atakula adaiphunzitsa ana awo osadziwanso kuti mayi woluka nkhata wa pakona ndiye mwini wake. Akwati ankapewa kugula maluwa a ukwati kwa iye, poopa kuti kuuma n'kopatsirana. Adatsala ndi nkhata za maliro ndi za kumanda.

Zosimo naye sadaiwale. Tsiku loyamba la Malichi, pamene amuna amapatsa akazi awo mphatso, ankafika pansi pa nyumbayo ndi mboni ziwiri, atanyamula chipeso kapena kansupa ka mafuta, n'kunena mokweza kuti, “Kwa mkazi wanga Sperata, amene ndikumufunabe.” Wodziwa malamulo wina adamulangiza kutero. Sperata ankaponya mphatsoyo pazenera. Zosimo ankaitola n'kuipukuta. Miyendo itayamba kukana ankabwera atanyamulidwa pampando. Sadalowetse mkazi wina m'nyumba, ngakhale wophika. Ankaphikiridwa ndi mwamuna, kuti pasapezeke wonena kuti kufuna kwatha. Adachita zimenezi zaka makumi awiri ndi zitatu osaphonya.

Adamwalira m'nyengo yozizira, Sperata ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Tsiku limenelo lamulo lidamumasula kuti akwatiwe ndi aliyense amene angamufune. Mwambo udamuitana kuti ayende kumbuyo kwa chithatha tsitsi lili lomasula, monga womasulidwa wa malemuyo komanso monga wamasiye, ndipo adayenda, pakuti wokana zimenezi dera limamulavulira.

Manda adali m'mphepete mwa msewu wa kudoko, kunja kwa chipata. Zosimo adali atawakonzeratu ali moyo, monga amachitira anthu osamala, ndipo mwalawo udali utaphimbidwa ndi nsalu kufikira tsikulo. Sperata sankadziwa kuwerenga. Adapempha wosema miyala, amene adabwera kudzamata chivundikiro cha mtsuko wa phulusa, kuti amuwerengere.

“Akuti: Zosimo wochapa zovala adadzikonzera malo ano ali moyo, iye pamodzi ndi Sperata, womasulidwa wake ndi mkazi wake wokondedwa, amene adakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu popanda mkangano uliwonse.” Wosemayo adaloza bowo lachiwiri, lopanda kanthu. “Apa ndi panu, mayi. Adasankha mwala wabwino. Amuna otere ndi osowa.”

“Fufutani dzina langa.”

“Pa manda opatulidwa kale? Amenewa ndi a mizimu tsopano. Dzanja langa silingakhudze, ndipo simupeza wosema mu Roma muno amene angayerekeze.”

Ntchito ya Sperata idali ya maluwa a kumanda, ndipo msika wake udali msewu womwewo. Adakhalako zaka zina zisanu ndi zinayi, dengu lili pamiyendo, mapazi atawakulunga m'nsanza. Anthu athu akamadutsa pamanda amawerenga miyala mokweza, choncho mawu a Zosimo ankawamva kangapo pa tsiku, m'mawu a asilikali, a amalonda, a ana ophunzira zilembo. Ena ankaima n'kuusa moyo. Mwamuna wina adakoka mkazi wake padzanja n'kumuuza kuti, “Wamva? Popanda mkangano. Phunzirako.”

Sperata atamwalira, oluka nkhata anzake adasonkherana nkhuni zomutenthera. Padabuka kafunso ka kumene phulusa lipite, koma sikadatenge nthawi. Malo adalipo kale, okonzedwa bwino, dzina lake lili pamwala.